Sindimutcha Bambo

Lachitatu, mwezi wa Juni. Kunja kwazizira tsiku lonse, koma ine mumtima muli moto.

Masana ndinawerenga pafoni nthano ya Aabenaki, anthu a ku America, yonena za ziphona zodya anthu. Akuti chiphona chimayamba chili munthu. Akamana anzake chakudya pa njala, mtima wake umaundana, ndipo amayamba kudya anthu. Mayi wina atachitcha "bambo", chinafewa.

Ndinalakwa kuwafotokozera amayi. Anaomba m'manja: "Wamvatu eti? Mawa bambo ako aang'ono akabwera, ugwade, uwatche bambo. Mwina atibwezera munda."

Akunena Yohane, mng'ono wa malemu bambo, amene analanda munda wathu wa manachesi maliro asanazizire. Yunivesite yanga inathera pomwepo, poti fizi inkachokera m'mundamo.

Ndinati, "Amayi, chiphona cha Aabenaki chinali ndi mtima woti usungunuke. Chathuchi chilibe."

"Iwe, pakamwa pakopo patigoneka ndi njala!"

Mwina akunena zoona. Komabe mawa ndimulonjera chiimire, ndipo ndimutchula dzina lake, Yohane, onse akumva. Munda ukapita, upite. Liwu lakuti bambo ndinalikwirira kumanda a ku Dambe pamodzi ndi mwini wake.