Diso la Apongozi Lasiya Kuyaka

Aphungu,

Ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye musandiseke kalembedwe. Nkhani yanga ndi ya lole imene anandisiyira malemu amuna anga. Ndi yakale, chitseko cha mbali yanga timachita kumanga ndi chingwe, koma ana anga onse anaphunzira chifukwa cha iyo. Ndinkakhala pambali pa bambo awo, mchenga uli kumbuyo, botolo la tiyi nditalipana ndi mapazi. Akapotoza kiyi, kanyali kofiira ka pa dashibodi kankayaka, iwo n'kuti, "Khalani bwino, diso la apongozi latipenya." Injini ikalira kankazima, ndiye amati, "Agona, tiyeni." Amayi anga anamwalira osadziwa kuti amanyogodoledwa m'mawa uliwonse.

Pano loleyo akuyendetsa mkamwini wanga, munthu wokonda zowala. Anamangirira magetsi anayi pamwamba ngati akukaunikira bwalo la mpira, mawaya n'kulumikiza yekha. Sipanapite nthawi, pansi pa chiwongolero panafuka utsi, fungo lake ngati ndowa yapulasitiki ikupsa. Magetsiwo anachotsa, koma kuyambira pamenepo batire silikudzaza. Tikakatchajitsa, lole imayenda tsiku limodzi, mawa lake tonse tili kumbuyo kukankha, ndi ine ndemwe, ndi msana wangawu.

Makaniko wina anangogogoda alitaneta, chipangizo chotchaja batire, ndi sipanala n'kunena kuti yafa. Mkamwini akuti lole yokalamba chonchi siyoigulira yatsopano, moti waitana kale wogula zitsulo zakutha, abwera kutha kwa mwezi. Nditamuuza kuti diso lija silikuyakanso, anati, "Ndiye bwino amayi, lasiya kutilondalonda."

M'mawa ndimakwera ndekha, n'kupotoza kiyi. Pa dashibodi zii. Kodi ndiilole ipite, kapena ndi ukalamba ukundivuta?

Gogo wa lole yobiriwira

Agogo,

Wogula zitsuloyo ayambe wadikira. Pa malole ambiri akale, kanyali kameneko sikokongoletsa. Moto wodzutsa alitaneta umadutsa m'babu lake. Babulo likapsa, kapena fyuzi, kapena waya wake, alitaneta yabwinobwino imangozungulira osatchaja. Kusayaka kwa diso pamene mwapotoza kiyi ndiye poyambira.

Sipanala siyeza magetsi. Pitani kwa wokonza magetsi a galimoto, wokhala ndi mita yoyezera. Ayambe ndi fyuzi ndi babu, atsatire waya wopsayo mpaka kumene wathera, aonenso ngati lamba wa alitaneta sanakhwepe. Kenako ayeze batire injini ili chete, ayezenso ikulira. Nambala ikakwera, alitaneta ili moyo. Ikapanda kukwera, aimasule aone m'kati, poti kawirikawiri chimapsa ndi kachipangizo kamodzi kotheka kusintha pakokha. Sindikulonjeza kuti loleyo ipulumuka. Ndikuti isagulitsidwe isanayezedwe.

Chenjerani ndi anthu awiri. Wina adzafuna kuzula waya wa batire injini ikulira kuti aone ngati izime. Mukanizeni, angaipheretu alitanetayo. Wina adzakulunga kawaya pa fyuzi yopsa. Ameneyo akufuna utsi uja ubwerenso, ndipo ulendo uno sudzathera pansi pa chiwongolero.

Za mkamwini, kumbukirani kuti nayenso watopa n'kukankha, ndipo akudziwa kuti anaotcha ndi iye. Ndi manyazi amene akuitana wogula zitsulo. Musamuyalutse pamaso pa mkazi wake. Mupempheni akuperekezeni kwa wamagetsiyo, inu pampando wanu, chingwe chanu m'manja.

Diso likadzayaka, mumuphunzitse mawu onse aja. Tsiku limene adzati "Agona, tiyeni" inu muli pompo, mudzangoyang'ana kuwindo. Ndikukayika ngati amayi anu sankadziwadi.

Aphungu