Chinaka cha Apongozi

Lolemba, 3 Juni 2024

Apongozi aamuna afika kuchokera ku Chisenga, akhala nafe mpaka amalize mankhwala. Koma aonda, Mulungu wanga! Jekete kuchita kulendewera. Mwamuna wanga Esau akuti chimwalirireni amayi ake, bambo akewa amangolawa chakudya n'kusamba m'manja. Kuchipatala anenetsa kuti akapanda kudya bwino awagoneka, ndipo iwo chipatala amadana nacho koopsa.

Kwathu ku Mulanje ndikanangokhala nawo pamphasa n'kuwakakamiza. Kuno kumpoto ayi. Mtengwa sayang'anizana ndi apongozi aamuna, sacheza nawo. Moni ndapereka nditagwada kuseri kwa chitseko.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndaphika pilawu ndi zokometsera zanga zonse za ku Tanzania, nyumba yonse fungo lokhalokha. Apongozi adya masipuni owerengeka. Esau akuti chimene ankanyambita nacho zala ndi chinaka cha malemu amayi. Chija amagulitsa choduladula pamsika, ine tsiku loyamba ndinkayesa soseji! Kani ndi timizu ta m'madambo.

Lachitatu, 5 Juni

Ndazungulira msika wonse, palibe. Temwa, mnzanga wogulitsa zokometsera, akuti a ku Zambia anasesa zonse. Kenaka wanditsinzinira diso, n'kundikokera kuseri kwa ogulitsa usipa kwa mayi wina wa ku Mafinga. Mayiyo wavundukula kathumba ngati muli golide. Timbatata tofota, todzaza dothi. Ndatenga tonse. Nsinjiro, soda ndi kambuzi ndagula kwa Temwa.

Iye: "Kuphika kwake mukukudziwa, asisi?"

Ine: "Aaa, mwana wa ku Mulanje angalephere timbatata?"

Lachinayi, 6 Juni

Matama andigwetsa. Ndinatiwiritsa tathunthu monga timachitira ndi koko kwathu. Zotuluka mumphikamo, kunanda kuposa therere! Esau waseka mpaka kukhala pansi.

Temwa pafoni: "Mwawiritsa? Mama wee!" Akuti umatsuka, kusinja, kuyanika padzuwa, n'kusinjanso mpaka ufa. Mayi wa ku Mafinga uja wabwerera kwawo. Temwa atumiza uthenga kwa mlamu wake wa njinga yamoto, mwina apeza ku Chisenga.

Lachisanu, 7 Juni

Palibe chabwera. Apongozi, amene kuno timawaitana kuti adada, amwa tiyi yekha tsiku lonse. Mantha andigwira, lero sindinaseke.

Loweruka, 8 Juni

Zafika! Wanjingayo fumbi mpaka m'nsidze, ine kuvina pamsewu ngati wamisala. Yewo chomene, zikomo wa kuno, ndanena mpaka wachita manyazi. Ndatsuka, ndasinja, ndayanika palichero. Ndili pawindo ndaona adada aima pa licherolo nthawi yaitali. Atapa pang'ono, anunkhiza, abwezera.

Lamulungu, 9 Juni

Titaweruka kutchalitchi Esau anapita kumpira, adada akumuona akutuluka. Ine kukhitchini ndi ufa wanga wofiirira, Temwa osayankha foni. Ndangothira nsinjiro m'madzi, ndamva mpando ukukokedwa. Adada akhala kunja pafupi ndi khomo, atandifulatira, akuyang'ana kumapiri.

"Esau! Uwauze akazi ako nsinjiro zithithime kaye."

Ndinatsala pang'ono kuponya mthiko. Ndadikira, zathithima.

"Esau, ufawo pang'onopang'ono. Asasiye kutakasa."

Ndatakasa mpaka mkono kuchita dzanzi.

"Soda wachuluka ameneyo, Esau. Ndikumumva fungo. Amayi ako ankangotsina."

Ndachepetsa wa pasipuniyo msangamsanga, kuseka ndikubisa m'chitenje. Chitalimba akuti Esau asalaze pamwamba, avundikire, aike makala pachivundikiro. Esau wachita zonse ndi manja angawa.

Chitazizira ndadula, chofiira bwino m'kati, cholimba. Ndaika mbale pakhomo n'kubwerera m'kati. Kenaka ndamva kutafuna, kutafunanso, mbale kukwekwesedwa. Misozi yangotsika, ndasangalala zosaneneka.

"Esau," mawu odzaza m'kamwa, "chatsala mumphikamo chibwere kuno. Mawa tsabola awonjezere."

Ndagwada kuseri kwa chitseko. "Esau wamva, adada."

Aseka mpaka kutsamwa, ndathamangira madzi.