Makina a Esinala

Lachinayi, madzulo

Lero mtima sunakhale m'malo. Mvula yayamba, tiyi waphukira, ndipo ku esiteti akulemba anthu othyola. Chaka chilichonse nyengo ino imandilanda ana.

M'kalasi yathu ya zosoka, kuseri kwa tchalitchi, makina a Esinala anakhala chivundikire tsiku lonse. Mwana wamasiye ameneyu ndiye amasoka mowongoka kuposa onse. Titaweruka ndinapita kwa azakhali ake amene amamusunga.

"Amayi, mumaphunzitsa mwaulere, tikuthokoza," anatero. "Koma m'nyumba muno muli ana ena. Adya ulusi?"

Ndinatsanzika n'kunyamuka.

Pobwerera ndinakumana ndi Esinalayo panjira, atanyowa, dengu lili kumsana. Anabisa manja m'chitenje, koma ndinali nditaziona kale zala zochekekachekeka.

"Aphunzitsi, musapereke makina anga kwa wina. Tiyi akachepa ndidzabwerera."

"Usadandaule, mwanangu," ndinatero. Pakamwa panandifulumira. Anamwetulira n'kumapita.

Tiyi sachepa mpaka mvula ithe. Ndipo pali Mervisi, mtsikana wa ku Masambanjati amene mwamuna anamuthawa. Amabwera m'mawa uliwonse, khanda kumbuyo, kudzafunsa ngati malo apezeka. Tikamubweza sachoka, amakhala pakhonde n'kumamvetsera kulira kwa makina. Anzanga odzipereka akuti mawa timulowetse, makina asamangokhala. Sakulakwa ayi.

Mawa Mervisi adzafika ndisanatsegule n'komwe. Adzandipatsa moni atagwada, kenako adzandiyang'ana kudikira yankho. Mmodzi mwa ana awiriwa ndimukhumudwitsa basi, ndipo mpaka pano sindikudziwa kuti ndi uti...