Mdzukulu Wanu Wayamba Kuweramawerama

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Kaluluma tilipo. Fodya wachita bwino chaka chino, koma chigafa chija munkati chidzagwa chagwadi. Mlongo wanga Nabanda wabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yeniyeni, pepani. Kadi yanu ya chipani ndaisunga. Mundiuze ngati amaifunsanso pachipata kumeneko.

Nkhani ndi ya mdzukulu wanu Dalitso, mwana wanga uja. Paja Sitandade 8 anailemba kawiri osasankhidwa. Chaka chino tinagwirizana kuti akalepheranso, basi, akasoke fodya ku esiteti.

Ine ndi digiri yanga, imene pakamwa panga posasunga mawupa panaibweza kudzaphunzitsa pulayimale, ndinali nditawagawa kale ana a m'kalasi mwanga ngati masamba a fodya. Achitumbuka amafunsa mpaka choko kutha. Achiyao, ana a matenanti, amaloweza moimba, akuweramawerama monga anazolowera ku madarasa, sukulu zawo za Chisilamu. Achewa athuwa amangovomera mwaulemu, amve asamve. Dalitso ndinamuika pa Achewa anzake: ine kulankhula, iye kuvomera. Tinavomerezana choncho zaka ziwiri.

Inu munkati mbuzi ikakana msipu wa kwawo usaimange, itsate uone komwe ikudya. Ndinamutsata. Ndinamupeza kuseri kwa sukulu ndi Yusufu, mwana wa tenanti wochokera ku Mangochi, onse awiri akuwerama ndi kuweramuka, akuimba mitsinje ya m'Malawi ndi mafulakishoni. Mdzukulu wa mayi wa mpingo ngati inu!

Mkulu wa mpingo, a Phiri, anabwera kudzandifunsa ngati mwanayo wasiya kudya nkhumba. Ndinawayankha kuti nkhumba ikulowa, masamu nawonso ayamba kulowa. Koma mumtima ndinkaopa. Kumuletsa, esiteti; kumusiya, ine pabwalo la mpingo. Ndinamusiya.

Mayina atuluka sabata yatha. Dalitso wasankhidwa, Yusufu nayenso. Dzulo ndaona mwana wa a Phiri kuseri komwe kuja, akuwerama mwachikhristu, pang'onopang'ono. Abambo ake anadutsa pamsewu akuyang'ana mitambo.

Tibwera kudzalambula pamanda panu Dalitso asanapite ku sekondale. Mukamuona akugwedezeka poimba nyimbo yanu ija, musakwiye, Amayi. Ndi mmene amasungira zinthu zimene sakufuna kuiwala, ndipo ndikulonjeza kuti sindidzamugwira phewa kuti asiye.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Ganizani