Chikwama cha pansi pa benchi

Aphungu,

Ndazengereza milungu itatu kulemba kalatayi, chifukwa nkhani yake ndi yochititsa manyazi ndipo wolakwa ndine ndemwe.

Ndine telala, mayi wa ana awiri. Ndimasokera m'kachipinda ka m'mwamba pa nyumba ya mashopu, pafupi ndi pokwerera mabasi. Miyezi inayi yapitayo zigawenga zinaphulitsa bomba pamsika wa kutsidya kwa mzinda. Ine sindinaliko, palibe m'bale wanga amene anavulala, ngakhale utsi sindinauone. Ndinangoonera pafoni, kanema yemweyo kumubwereza mwina kakhumi patsiku. Koma chichitikireni zimenezo mtima wanga uli m'malere. Chitseko chikamenyetseka, ndimadzibaya ndi singano. M'basi ndimangoyang'ana zikwama za anthu mpaka kupitirira potsikira. Amuna anga amandiseka kuti ndasanduka wapolisi wosalembedwa ntchito.

Tsono ine ndili ndi lamulo limene makasitomala anga onse amalidziwa: ukapeza ndachokapo, ika zovala m'chikwama, lemba kapepala ka zoti ndichite, usiye pansi pa benchi pakhomo panga. Ndinaliyambitsa ndekha zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.

Lachiwiri lina ndikuchokera kogula ulusi, pamasitepe ndinadutsana ndi bambo odula makiyi, amene ali ndi katebulo kutsidya kwa msewu. Ndi obwera, a ndevu zambiri, osakonda zolankhula. Ankatsika mofulumira. Nditafika pakhomo ndinaona chikwama chakuda pansi pa benchi. Aphungu, mutu unangoti balala, lamulo langa lomwe n'kuliiwala. Ndinakuwa kuti, "Bomba! Thawani!" Nyumba yonse inakhuthukira panja, ena a kwa mayi oluka tsitsi ataluka mbali imodzi yokha. Apolisi atafika n'kufunsa amene wasiya chikwamacho, chala changa chomwechi chinaloza bambowo, msewu wonse ukuona.

Anthu anawamenya makofi asanakwezedwe m'galimoto ya apolisi. Chikwama chitatsegulidwa, munali diresi la sukulu la mwana wawo ndi kapepala kakuti, "Mayi, chonde mutsitseko mpendero, mwanayu watalika." Ngakhale zinali choncho, anawasungabe masiku awiri akuwapanikiza ndi mafunso.

Pano anabwerera pakatebulo kawo, koma anthu akuwalambalala, ndipo ena awapatsa dzina lakuti Chibomba. Ine ndiye amandiyamikira kuti ndinali tcheru, mawu amene amandiwawa kuposa kutukwanidwa. Chikwama chija apolisi anabwezera ine poti chinali pakhomo panga. Diresi ndinalitsitsa, ndinalisita, lili pakhoma likundiyang'ana. Kuchoka pamasitepe kukafika pakatebulo ndi mapazi makumi awiri okha, koma ndimazungulira kuseri kuti tisaphane maso. Ndikuchita manyazi, Aphungu. Kodi nditume munthu akapereke diresilo? Kapena ndingosamuka?

M. T., pafupi ndi pokwerera mabasi

Mayi M. T.,

Musasamuke, ndipo musatume munthu. Koma tiyambe ndi manthawo.

Bomba silivulaza okhawo amene anali pafupi. Amene analitchera ankafuna zomwezi, zoti anthu akutali ngati inu azidzidzimuka ndi chitseko, kenako ayambe kukayikira anansi awo. Simunapenge, ndipo simuli nokha: makalata a anthu amene akuopa basi kapena msika ndalandira angapo. Komabe miyezi inayi ndi yambiri kuti munthu azikhala chonchi. Fufutani kanema uja lero lomwe. Pitani kuchipatala chapafupi mukafunse opereka uphungu pa za maganizo, mukawafotokozere zonse monga mwandifotokozera ine. Amuna anu muwauze kuti nthabwala ya wapolisi ija yasukuluka, m'malo moseka akuperekezeni.

Tsopano ndinene mosapsatira. Kukuwa kuja anali mantha, ndipo ndikukumvetsani. Kuloza chala ndi nkhani ina. Pamasitepe paja mukanadutsana ndi mayi oluka tsitsi amene mumaseka nawo tsiku lililonse, mukanawaloza? Munaloza obwera, andevu, achete. Ichi ndicho chikukutafunani, ndipo ndi bwino kuti chikukutafunani, chifukwa zikusonyeza kuti chikumbumtima chanu chikugwira ntchito. Kungoti manyazi anuwo mpaka pano sanathandize aliyense. Inu mukubisala kuseri, bambo aja akukhala tsiku lonse osadula kiyi ndi mmodzi yemwe.

Munawaipitsira mbiri masana anthu akuona, ndiye mukaikonzenso masana anthu akuona. Sankhani nthawi imene msewu wadzaza. Diresilo munyamule m'manja, aliyense alione. Musayambe ndi kufotokoza za mantha anu. Mukangonena momveka kuti iwo anatsatira lamulo lanu, inu munawanamizira, ndipo mwabwera kudzapepesa.

Mukachoka apo mulowe shopu ndi shopu m'nyumba mwanumo, muwauze anzanu zimene zinali m'chikwama ndi amene anayambitsa zosiya zikwama pansi pa benchi. Wina akakuyamikirani kuti munali tcheru, mumudule pakamwa. Mukamva wina akuti Chibomba, mumudzudzule pomwepo. Ndipo kiyi wa kachipinda kanu mukadulitse wina pakatebulo pomwepo, ngakhale mutakhala nawo kale awiri. Anthu adzabwerera akaona kuti amene anakuwa uja ndi amene waima pamenepo.

Chenjezo langa ndi ili: mwina sakakuyankhani, mwinanso akakufulatirani. Ali ndi ufulu wotero, makofi aja anagwera iwo. Musakawakakamize kuti akukhululukireni tsiku lomwelo, ndipo musakalire mpaka iwo ayambe kutonthoza inu. Mukapepese, mukapereke diresi, mubwerere ku makina anu.

Koma fulumirani, mayi. Mwana uja sanasiye kukula podikira kuti manyazi anu athe. Mukachedwa mwezi wina, mpendero munatsitsa uja udzakhala utafupikanso.

Aphungu