Zilonda za Kumsana kwa Amayi

Lachiwiri, ku Ngala. Mtima ukundiwawa.

Taika amayi lero. Abusa awatama kuti anali mkulu wa mpingo woyendera odwala, wosaopa matope a ku Kanyenda. N'zoona. Koma miyezi isanu imene anagona osadzuka, amene ankawasambitsa ndi Abiti Saidi, Msilamu woyandikana nafe. Akumpingo anabwera kawiri kokha.

M'mawa azimayi a mpingo atafika m'mayunifolomu awo kudzasambitsa thupi, anawaimitsa Abiti Saidi pakhomo: "Pepani mayi, iyi ndi ntchito ya mpingo."

Iwo sanatsutse. Anangondipatsa sopo amene anabweretsa, n'kundinong'oneza kuti, "Mwanangu, uwauze kuti kumsana kuli zilonda, agwire pang'onopang'ono."

Ndinakawauza. Mmodzi anandiyang'ana n'kufunsa, "Kodi anali ndi zilonda?"