Pepala la Changu

Lolemba, 3 Novembala

Kutentha ngati tili mu uvuni. A Ndevu, mphunzitsi wathu, atisunga maola awiri pa nkhani imodzimodzi: kukatentha mpweya umapepuka, mapiko sagwira msanga, ndiye ndege imafuna msewu wautali kuti inyamuke. "Ndege simva pepani," atero. Theka la kalasi likusinza.

Mawa Changu, mnzanga wa chipinda chimodzi, ali ndi ulendo wake woyamba wautali ali yekha. Akatera pa kabwalo ka udzu ka kuesiteti, mamita 600 basi, bulugamu kumapeto. Masana n'kubwerera. Malaya wasita kawiri. Dzinali tinam'patsa chifukwa ngakhale tiyi amamwa choimirira.

Lachiwiri, 4 Novembala

Ali kuchipatala. Akupuma. Zina sindingathe.

Lachitatu, 5 Novembala

Ndilembe, mwina mutu usiya kuwira.

Dzulo anadzuka mochedwa, ndege asanaiyendere. Anandiponyera pepala la kanyamukidwe: "Iwe wamasamu, tandilembera, ndikaone mafuta." Ndinatsegula tchati nditatsamira khoma. Madigiri 19. Zinatuluka mamita 550 kuti adutse pamwamba pa mitengo. Ndinati zakwana, mpaka kutsalako. A Ndevu anangoponyapo diso n'kusaina.

Koma 19 anali a m'mawa, a kuno. Iye amanyamuka uko 2 koloko masana, pa madigiri 37. Lero ndawerengera katatu konse. 630. Kabwalo ndi ka 600.

Mlonda wa paesiteti akuti ndege inathamanga, inathamanga, osadzuka. Changu ataona mitengo ikubwera anakoka chiwongolero liwiro lisanafike pa 55 ponyamukira. Inadzuka pang'ono, mphuno m'mwamba, n'kupendamira phiko lakumanzere.

Wamasamu ine. Ndikudzida.

Lachinayi, 6 Novembala

Ofufuza ngozi afika, azibambo awiri ndi chikwama chakuda. A Ndevu awaimitsa ntchito. Ndawaona akutuluka mu ofesi atanyamula kapu yawo ndi mahedifoni, munthu wa zaka makumi awiri m'mwamba. Anandipatsa moni ngati masiku onse.

Kukantini wina akuti, "Dzina lam'tsata ameneyo." Wina, "Atsikanawa amangofuna yunifolomu." Ndikanam'thira tiyi kumaso, koma ndine ndani ine?

Papepala pali manambala okhaokha, dzina analemba Changu yekha. Palibe wandifunsa kanthu. Ndikaulula andichotsa sukulu, chonsecho laisensi yatsala miyezi iwiri.

Lachisanu, 7 Novembala

Bedi lake lili momwe analisiyira. Ndagona choyang'ana kukhoma. Sindinadye.

Loweruka, 8 Novembala

Ndapita. Mwendo wakumanzere audula pansi pa bondo. Bulangete limangophwa pamenepo, maso anga amabwererabe pomwepo.

Mayi ake anandigwira manja onse awiri. "Mwanangu, zikomo. Amakutchulatchula, akuti umam'thandiza masamu." Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Atatuluka kukatsuka mbale, Changu anandiyang'ana nthawi yaitali. Milomo yosweka.

"Anabwera ofufuza aja. Ndawauza kuti ndinalemba ndekha."

Ndinayamba kulira, ndikuti ndikanena zoona, ndikuti undikhululukire.

"Usandinyanse ndi misozi. Ukanena, mwendo umera? Pepala linali langa, kuliwerenga sindinaliwerenge. Koma usaganize kuti ndakuchitira chisoni. Uziuluka iweyo, ukudziwa."

Ndinam'funsa za a Ndevu. Anatembenukira kuwindo.

Lamulungu, 9 Novembala

Bambo aimba. "Kaputeni wanga ali bwanji?" Akuti auza onse a kuntchito kwawo za laisensi yanga ya mwezi wa Januwale. Ndati ndili bwino, ndi chimfine chabe.

Lolemba, 10 Novembala

Ofufuza akutseka lipoti Lachitatu. Zamveka kale: wophunzira analakwitsa, mphunzitsi sanaonetsetse. Mizere iwiri, anthu awiri atha.

Mawa ndiuluka ndi mayi Kaputeni, wamkulu wa aphunzitsi, amene watenga kalasi ya a Ndevu. Pepala langa ndalilemba ndi madigiri a ola lenileni. Ndalibwereza mpaka pensulo kuboola.

Lachiwiri, 11 Novembala

Mayi Kaputeni analiwerenga mzere ndi mzere, chala chili papepala. "Zaukhondo. Anzako akanamalemba chonchi, bwenzi tilibe wogona m'chipatala."

Tinakwera.

Msewu wathu ndi wa tala, wautali, mphepo kutsogolo. Chovuta panalibe. A pansanja yowongolera ndege anatiloleza. Ndinakankha moto wonse, injini ikulira bwinobwino, singano ya liwiro ikukwera. 30. 40. Ndikutchula mokweza monga mwa lamulo. 50. Dzanja lokoka chiwongolero linali lokonzeka.

Ndinabweza moto. Mabuleki.

Tinaima pakati pa msewu, ndege ikunjenjemera. Pansanja akufunsa ngati tikufuna galimoto yozimitsa moto. Mayi Kaputeni maso pa mageji onse, kenako pa ine.

"Waona chiyani? Oilo? Wamva phokoso?"

"Ndege ilibe vuto, mayi."

"Nanga?"

"Pepala la Changu lija ndinalemba ndine."

Pulopela inkangozungulira. Ndinamva thukuta likutsika kumsana. Kenako anadina wailesi n'kuuza a pansanja kuti tikubwerera, palibe changozi.

"Chotsa manja," anatero. "Ndiyendetsa ndine."

Ndinawaika pamiyendo. Ndikulemba izi pabenchi ya panja pa ofesi. Ofufuza ali m'katimo, ndipo atuma munthu kukaitana a Ndevu.